Foni Yolira Pakhonde la Apongozi

Fraser Muhiwa anabadwa ndi nthenda imodzi yokha, nthenda yosakhulupirira kuti chinthu chingayende bwino iye asakuchiyang'ana. Ku Nazombe kumene anakulira amakumbukirabe kuti ukamutuma kutereka madzi pamoto, ankanyonyomala pomwepo maso ali mumphika, kuopa kuti madziwo angaiwale kuwira. Pa tchuthi ankamutumiza kudambo la ku Chilwa kukaingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Anzake ankamangirira zitini pachingwe n'kumangochikoka ali chigonere pamthunzi. Fraser naye ankamanga zitini zake, zambiri kuposa za wina aliyense, kenako n'kuima padzuwa tsiku lonse kulondera zitinizo.

Mayi ake anamwalira iye asanayambe sukulu, ndipo analeredwa ndi azakhali ake, mlongo wa bambo ake. Anali munthu wabwino, sanamumanepo chakudya, koma anali ndi ana awoawo ochuluka ndipo ankafuna kuti aliyense aziwatchula moyenera, pasakhale chisokonezo. Chotero Fraser anakula akuti "azakhali" m'mawa, "azakhali" madzulo, ndipo liwu lakuti "amayi" linangomuuma pakamwa. Sankadandaula. Koma ine ndimaganiza kuti nthenda yake ija inayambira pamenepo, pakuti mwana amene anatuluka kukasewera n'kubwera kupeza mayi ake kulibe sakonda kuchotsa maso pachinthu.

Sukulu inamukonda. Atamaliza sekondale anapita ku Blantyre kukaphunzira za makompyuta, ndipo atabwerako anapeza ntchito paboma pa Phalombe, ku kopaletivi ya alimi a nandolo. Mkulu wa ofesiyo anali bwana Chiukepo, munthu wamtali wa ku Rumphi, amene anakhala ku Phalombe zaka zambiri koma kalongonda, nyemba zokondedwa kumeneko, ankamuopabe ngati mankhwala a makoswe.

Kopaletiviyo inkatumiza mauthenga pafoni kwa alimi ake onse, kuwauza tsiku limene lole yogula nandolo ibwere ndi malo amene iime. Mauthenga oterewa sanyamuka onse nthawi imodzi. Amayamba aima pamzere mu pulogalamu ina yotchedwa buloka, imene imawalandira, kuwasunga, n'kumawapereka umodziumodzi kwa pulogalamu yotumiza, monga amachitira munthu wa kuchigayo ndi matumba a chimanga. Bulokayo ndi mapulogalamu anzake ankakhala m'makontena. Musaganize za makontena aja ogulitsiramo sopo pamsika. Awa ndi timabokosi tosaoneka, pulogalamu iliyonse m'kabokosi kake, toikidwa pamakompyuta angapo obwereka amene amagwira ntchito mothandizana, gulu limene eni ntchitoyi amalitcha kilasita. Makompyutawo anali kunja kwa dziko lino, ndipo Fraser sanawaonepo ndi maso.

Tangoganizani tsono, munthu wosakhulupirira mphika uli patsogolo pake, mwamupatsa mphika uli kutsidya kwa nyanja! Fraser ankangokhala palaputopu kufunsa buloka kuti pamzere pali bwanji. Akapita kukadya, ankabwerera chakudya chili mkamwa. Nyengo ya nandolo ikafika ankayala matumba muofesi n'kumagona momwemo.

Chodabwitsa n'chakuti munthu wotereyu anakwatira. Zelifa, mtsikana wa ku Nkhulambe, anabwera kuofesi tsiku lina kudzakalipa kuti mayi ake salandira mauthenga, ndipo anakalipa bwino kwambiri moti Fraser anachotsa maso palaputopu. Anakwatirana. Monga mwa mwambo, Fraser anakamanga nyumba kwawo kwa mkazi, pafupi ndi nyumba ya apongozi ake, mayi Fanny. Nyumbayo inali yabwino, ya malata, koma mwini wake ankaonekako mwa apo ndi apo ngati mvula ya chilimwe. Chimene chinkakhalamo nthawi zonse inali jekete yake pamsomali, ndipo akazi a pamjigo anayamba kunena kuti Zelifa anakwatiwa ndi jekete.

Nkhaniyo inawafika a Hector, atsibweni ake a Zelifa, amenenso anali nkhoswe ya ukwatiwo. Anamuitanitsa Fraser, namukhazika pansi pa mtengo wa mango, Zelifa ali poteropo.

"Mkamwini," anatero a Hector, "ife tinapereka mwana wathu kwa munthu. Koma tikasuzumira m'nyumbamo tikupezamo jekete. Kodi jeketeyo ndiye tiziitcha mkamwini?"

"Atsibweni, ntchito yanga ndi yovuta. Buloka ndikangomusiya yekha..."

"Bulokayo ndi mwana wa ndani? Amakhala paboma pomwepo?"

"Ndi pulogalamu, atsibweni."

"Kaya ndi pulogalamu, kaya ndi ndani, mapanga awiri avumbwitsa. Chaka chino muzigona kuno. Ndipo tsiku lodula nandolo m'munda mwa apongozi anu, tidzakuoneni m'mundamo kuyambira phesi loyamba mpaka lomaliza. Mukadzalephera, mudzatenge jekete yanu mubwerere ku Nazombe."

Fraser anayang'ana mkazi wake kuti mwina amuikira kumbuyo. Zelifa ankangolemba pansi ndi kamtengo, osadzutsa mutu. Apa mpamene Fraser anachita mantha enieni, chifukwa Zelifa ankamukonda ndi mtima wake wonse, ndipo ku Nazombe kunalibe chimene akanabwererako.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Fraser anabwerera kuofesi n'kuchita chimene anayenera kuchita kalekale, kupeza mlonda wa buloka. Pa intaneti pali makampani amene ntchito yawo ndi kulondera makina a anthu ena. Iwe umaika kapulogalamu kakang'ono, kotchedwa ejenti, pakompyuta iliyonse ya m'kilasita mwako. Ejentiyo amapita kwa buloka pafupipafupi kukafunsa kuti mauthenga oima pamzere ndi angati, atuluka ndi angati, ndipo wowatenga alipo kapena wagona. Manambalawo amawatumiza kukampani yolondera ija, iyo n'kujambula gilafu, ndipo mzere ukatalika kupitirira malire amene mwini waika, imaliza foni yake.

Poyamba sizinayende. Kilasita ili ndi khalidwe loti ikafuna imasamutsa kontena kuchoka pakompyuta iyi kupita pa ina, osatsanzika. Fraser anali atauza ejenti adilesi ya buloka, koma m'mawa buloka anali atasamutsidwa, ejenti n'kumagogoda pakhomo lopanda munthu. Anavutika nazo mpaka anazindikira kuti asamupatse ejenti adilesi, koma aike chizindikiro pakontena lenilenilo, monga umamangira kansalu pakhosi pa mbuzi yako kuti uizindikire ngakhale italowa m'khola la eni. Atatero, ejenti anayamba kumupeza buloka kulikonse kumene wasamukira, manambala n'kumafika, gilafu n'kumajambulika bwinobwino.

Ndipo Fraser, poti nthenda ndi nthenda, anakhala pansi n'kuyamba kulondera gilafuyo.

"Fraser," anatero bwana Chiukepo atamupeza ali maso tong'o, "mlonda wamupeza. Tsopano ukulondera mlonda. Mawa ufuna wina wolondera iwe? Pita kwa mkazi wako."

Anapitadi. Koma ku Nkhulambe, m'mudzi wa kwawo kwa Zelifa, anakumana ndi vuto limene sukulu ya ku Blantyre sinamuphunzitse. Netiweki ya kumeneko inali yamwano. Ukaima pabwalo, zii. Ukakwera pachulu, foni inkagwira ya ku Mozambiki n'kuyamba kukulonjera m'Chipwitikizi. Fraser anazungulira mudzi wonse foni ili m'mwamba, agalu akumutsata, ndipo malo okhawo amene netiweki inkagwira mokwanira anali pamsomali wina wa pakhonde la mayi Fanny, pamene ankapachikapo lichero.

Apa tsono mpofunika kuwadziwa mayi Fanny. Anali mayi wamfupi, wamphamvu, wa mpingo, ndipo mwambo wa chipongozi ankaugwira ndi manja awiri. Kwa iwo, mkamwini ndi mpongozi sayankhulana maso ndi maso, sakhalirana pafupi, ndipo mpongozi satchula dzina la mkamwini. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire mpaka mnzake adutse. Mabanja ena kumeneko anazisiya zimenezi, koma osati mayi Fanny. Chikwatirire Fraser anali asanamvepo liwu lawo likulunjika kwa iye, ndipo minda ya chinangwa ya m'mbali mwa njira ankaidziwa bwino chifukwa chothawiramo. Pakhonde lawo sakanapondapo ngakhale kutagwa matalala.

Zelifa ndiye anakakamba ndi mayi ake. "Amayi, foniyi izikhala pamsomali apa. Ikalira n'kuoneka yofiira, ndiye kuti zavuta, mundiitane. Ikaoneka yobiriwira, ndiye kuti zatheka."

"Ndiye ine ndakhala mlonda wa foni ya mkamwini?"

"Mukufuna azigona kuno, kapena paboma?"

Mayi Fanny anachotsa lichero pamsomali. "Pachika."

Zinayamba kuyenda motere. Buloka akadzaza, ejenti ankauza kampani yolondera, kampani n'kuliza foni, foni n'kudzidzimutsa mayi Fanny, mayi Fanny n'kuitana Zelifa, Zelifa n'kuthamangira kwa mwamuna wake. Fraser ankatenga laputopu kuti akonze vutolo, koma laputopu inkafuna intaneti ya pafoni ija, ndipo wayifayi ya foniyo sinkafika patali. Malo okhawo amene inkafika, popanda mkamwini kuonekera kwa apongozi, anali m'khola la mbuzi kuseri kwa nyumba. M'menemo ndi mmene munakhala ofesi ya Fraser Muhiwa, munthu wophunzira ku Blantyre, atakhala pachidebe chovundikira, laputopu ili pamaondo. Mnzake wa muofesimo anali Princess, mbuzi yaikazi yokalamba ya mayi Fanny, imene inkaona chingwe chilichonse cha magetsi ngati ndiwo.

Vuto linali lakuti Fraser, ndi mantha ake aja, anaika malire pansi kwambiri. Mauthenga akangoima pamzere ochepa chabe, foni inkakuwa ngati ambulansi, nkhuku n'kubalalika. Zelifa anathamanga pakati pa khonde ndi khola mpaka miyendo inamuwawa, ndipo tsiku lina anaponya mpeni pansi.

"Ine ndinakwatiwa, sindinalembedwe ntchito ya umesenjala," anatero mokweza kuti mbali zonse zimve. "Inu muli kuseri kwa khoma, amayi ali kutsogolo kwa khoma, mukumvana ndi kutsokomola komwe. Ine ndili ndi chinangwa choti ndisende. Muonane nazo nokha."

Anatenga dengu lake n'kupita. Posakhalitsa foni inalira. Fraser, ali m'khola, anaimva, koma sanadziwe ngati yafiira kapena yabiriwira, ndipo kufunsa sakanatha. Kenako anamva mapazi akufika pangodya ya nyumba, ndi liwu la mayi Fanny, nkhope atalozetsa kuphiri.

"Princess! Iwe Princess! Uwauze eni ake a foni kuti yafiira."

Fraser anayang'ana mbuzi. Mbuzi inamuyang'ana, ikubzikula. Fraser ananena mwaulemu, "Princess, uwauze kuti ndamva, ndikukonza."

Mwambo sunathyoke, pakuti palibe lamulo loletsa munthu kuyankhula ndi mbuzi yake. Kuyambira tsiku limenelo uthenga uliwonse unkadzera kwa Princess. Poyamba zinali za foni zokhazokha. Kenako zinayamba kukula. "Princess, uwafunse ngati adya." "Princess, uwauze kuti mbatata ija inali yokoma." "Princess, uwauze kuti malaya avala lerowo ndi othothoka batani, ampatse Zelifa asoke." Anakambirana za mvula, za mbozi za mu nandolo, za bondo la mayi Fanny limene linkawavuta kukazizira, zonsezo kudzera pa mbuzi imene sinayankhepo kanthu. Fraser anakweza malire aja, foni n'kusiya kulira mwachisawawa, komabe ankapezeka m'khola ndi laputopu yake ngakhale popanda vuto. Akanafunsidwa akanati akuyesa netiweki, koma zoona zake n'zakuti ankakonda kufunsidwa ngati wadya.

Nandolo anauma, tsiku lodula linaikidwa. Dzulo lake bwana Chiukepo anatumiza mawu akuti wogula wasintha malo. Mlatho wa panjira yakale unali utawonongeka, choncho lole idzaima kumsika wina, ndipo uthenga wa zimenezi udzapita kwa alimi onse m'mawa wa tsiku lodulalo. Ukapanda kufika, mawa lake anthu adzakankha njinga zodzaza matumba mtunda wautali kupita kumene kulibe lole. Bwanayo anafunsa ngati Fraser angabwere kuofesi. Fraser anayankha kuti mlonda alipo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anayesetsa kukhulupirira zimene ananenazo.

M'mawa banja lonse linapita kumunda, umene unali patali ndithu, kutsidya kwa khwawa. A Hector anabwera ndi kampando kawo, poti iwo ntchito yawo inali yoona. Zelifa anali pomwepo kuunjika mapesi. Kunyumba kunatsala mayi Fanny okha, akuphika kalongonda wa anthu ogwira ntchito, ndipo aliyense amadziwa kuti kalongonda amafuna kuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi n'kuthira ena, apo ayi amazunguza mutu. Palibe amene anaganizako kuti foni ikalira, uthenga udzawoloka bwanji khwawa.

Fraser anagwira chikwanje ngati munthu. Matuza anatuluka, thukuta linatsika, ndipo a Hector anayamba kugwedeza mutu movomereza. Dzuwa litakwera, Fraser anaweramuka kuti awongole msana, ndipo anaona munthu akutsika m'khwawa. Anali mayi Fanny. Pamutu anasenza dengu, ndipo m'dzanja anagwira chingwe, kumapeto kwa chingwecho kuli Princess, ikukana kuyenda.

Zimene zinachitika kunyumba Fraser anazimva pambuyo pake. Foni inafiira n'kulira osalekeza. Mayi Fanny anaitana, koma m'mudzi munalibe munthu, onse anali kuminda. Anaganiza mofulumira. Anaika foni ndi laputopu m'dengu kuti awapititsire eni ake, ndipo poti sakanatha kuyankhula ndi mkamwini popanda mbuzi, anamasulanso mbuzi.

Koma Fraser sanadziwe zimenezi. Iye anangoona apongozi akubwera molunjika kumene anaima, ndipo thupi lake linachita zimene linazolowera. Anasiya chikwanje n'kulowa mu nandolo wosadula, kuti awapatse njira. Mayi Fanny ataona mkamwini akupatuka anakhotera komweko. Fraser, poona kuti apongozi akhotanso, anaganiza kuti wawatsekera njira kachiwiri, ndipo anachita manyazi n'kusunthira kutali.

"Princess, uwauze aime!" anakuwa mayi Fanny.

Koma nandolo wouma amachita phokoso munthu akamadutsamo, ndipo Princess inali itapeza nyemba zoti idye, ikulira kukana kukokedwa. Fraser sanamve kanthu. Anangomva mapesi akuswaswata kumbuyo kwake, nawonjezera liwiro. Anthu onse anasiya ntchito n'kumaonerera. Mkamwini ankatulukira uku mwaulemu, mpongozi n'kutulukira komweko ndi dengu ndi mbuzi, mkamwini n'kubwereranso mwaulemu woposa. Anazungulira chulu. Anadutsa pamaso pa a Hector, woyamba Fraser atawerama manja ali pachifuwa, kenako mayi Fanny akutsimphina ndi bondo lawo lija, kenako mbuzi. Zelifa anafuna kukuwa kuti afotokoze, koma kuseka kunamugwira mpaka anakhala pansi.

Potsiriza chingwe chinapulumuka, Princess n'kuthawira kwina. Mayi Fanny anaima pakati pa munda, wefuwefu, opanda mbuzi, mkamwini akuzimiririka chakumalire. Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anakoka mpweya.

"A Fraser! Taimani, inu!"

Fraser anaima ngati wawombedwa ndi mphenzi. Dzina lake, m'kamwa mwa apongozi ake, pamaso pa anthu! Mayi Fanny nawonso anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo poti madzi akatayika sawoleka, anangopitiriza.

"Yafiira. Yalira mpaka nkhuku zonse zathawa. Nayi."

Fraser anabwera chogwada, maso pansi, nalandira foni ndi manja awiri. Chenjezo linalipodi, mzere wa mauthenga unali utatalika moopsa. Koma netiweki panalibe ngakhale kadontho, pakuti foni inali itachoka pamsomali wake. Apongozi anamubweretsera zida zonse, n'kusiya kunyumba chinthu chokhacho chimene sichinyamulika. Fraser anayang'ana uku ndi uku kufuna mbuzi yoti aiuze, koma mbuzi inali kutali, ndipo anangonong'oneza chapansi kuti, "Pafunika pamsomali."

"Ndiye tiyeni," anatero mayi Fanny.

A Hector anadzuka pakampando kawo. "Mkamwini, munda sunathe. Tinapangana kuti mpaka phesi lomaliza. Mukatuluka m'munda muno, mwatuluka."

Fraser anaima pakati, foni ili m'manja. Akatsala, mawa anthu adzakankha njinga padzuwa kupita kopanda lole, ena okalamba ngati mayi Fanny omwewa. Akapita, ndiye kuti jekete ndi ulendo wa ku Nazombe. Anayang'ana Zelifa. Kuseka kunali kutamuthera, ndipo nthawi ino sanayang'ane pansi. Anamuyang'ana mwamuna wake m'maso, koma sanamusankhire. Fraser anatenga dengu kwa apongozi ake, nalisenza yekha, n'kuyamba kuthamanga.

Atafika kunyumba anapachika foni pamsomali atatambasula dzanja, mapazi ali kunja kwa khonde, kenako n'kulunjika kukhola monga mwa nthawi zonse. Mayi Fanny, amene anafika pambuyo pake akupuma movutikira, anamuimitsa.

"Mukupita kuti? Mwini ofesiyo kulibe, wathawa. Khalani apa." Anakoka mpando n'kuuika pakhonde, pansi penipeni pa msomali.

Fraser anakwera pakhondepo ngati akuponda mazira. Anatsegula laputopu, ndipo gilafu inamuuza nthawi yomweyo pamene panali vuto: mauthenga ankalowa kwa buloka, koma wowatenga panalibe. Kontena la pulogalamu yotumiza linali litakomoka chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito. Analidzutsa, naliwonjezera linzake loti lizilithandiza. Mayi Fanny anaima kumbuyo kwake, akusuzumira paphewa.

"Kaphiri akako ndiye vutolo?"

"Eya."

"Kakutsika."

"Kakutsikadi."

Anaonerera limodzi kaphiriko kakutsika pang'onopang'ono mpaka kanagona pansi, ndipo foni pamsomali inabiriwira. Pamenepo mpamene mayi Fanny anakumbukira kalongonda wawo n'kuthamangira kukhitchini akudzitukwana.

Anthu a kumunda anafika madzulo, a Hector patsogolo ndi kampando kawo, Zelifa pambuyo akukoka Princess. Atangoyandikira khonde, mafoni awo anagwira netiweki n'kuyamba kulira m'matumba, wina apa wina apo. A Hector anatulutsa yawo, naitalikitsa kumaso, n'kuwerenga kuti lole idzaima kumsika wina. Anakhosomola, chifukwa nawonso anali ndi matumba awo oti akagulitse. Koma nkhoswe ndi nkhoswe, mawu ake sabweza msanga.

"Uthenga wafika, tathokoza," anatero. "Koma pangano ndi pangano. Mkamwini wathawa m'munda ntchito isanathe. Zelifa, katenge jekete."

Zelifa sanasunthe. Fraser anayamba kutseka laputopu. Mayi Fanny anatuluka m'khitchini ndi mbale ya kalongonda.

"Achimwene, mundawo ndi wa ndani?"

"Ndi wanu, achemwali."

"Ndiye mwini munda akuti mkamwini sanathawe. Ndinakamutenga ndine, ndipo munaona nokha mmene ndinavutikira kuti ndimugwire. Bondo langali silingalole kuti ndimugwire lero, mawa ndimutaye. Nandolo wotsalayo adzadula mawa, inunso mudzagwireko chikwanje, kampando mudzakasiye kunyumba."

A Hector anaona kuti anthu ayamba kuseka. Anakhala pansi n'kufunsa ngati kalongondayo wapsa bwino.

Mayi Fanny anaika mbale patsogolo pa Fraser, pakhonde pomwepo, n'kumuthirira madzi osamba m'manja iwo eni. "Idyani. Wapserera pang'ono pansi chifukwa cha foni yanuyo."

Fraser sanathe kudzutsa mutu. Anatembenukira kumene Zelifa anamangirira mbuzi, nati chapansipansi, "Princess, uwauze kuti..."

"Princess yapuma pantchito," anamudula mayi Fanny. "Ndili pano. Ndiuzeni ine, mwanangu."

Fraser anadzutsa maso, nawaona nkhope apongozi ake bwinobwino kwa nthawi yoyamba. Anali ndi kachipsera pachibwano, ndipo mumpango mwawo munali mutakodwa masamba a nandolo. Liwu lija linali litakhala zaka zambiri osagwiritsidwa ntchito, moti linatuluka mokakamira, misozi ili m'maso.

"Zikomo, amayi."

Pamsomali foni inaphethira, koma Fraser sanaiyang'ane. Anasamba m'manja n'kuyamba kudya.